Chithunzi Choika pa Bokosi la Mzime

"Ichinso ayi," anatero bambo, akukankha foni ndi chala chimodzi ngati mbale ya chakudya chosasa.

Chisamba anakoka foniyo n'kutsegula chithunzi china. Chiyambire m'mawa anzake a malemu anali atamutumizira zithunzi zoposa makumi anayi, ndipo pa chilichonse mlongo wake anali atavala chigoba kumaso. Apa anali ndi mlomo wa mbalame, apo nyanga zasiliva, pena chisoti chokhala ndi maso oyaka ndi mabatire. Achinyamatawo ankakumana m'maholo kuonetsana zovala zotere, zotengera anthu a m'makatuni ndi a m'masewero a pakompyuta, ndipo onse ankavomereza kuti panalibe wosoka ngati iye. Iwo ankamutchula kuti Mapiko. Kunyumba anali Mzime basi, pakuti ndiye anatseka mimba, monga momwe mlongo wake wamkulu anakhalira Chisamba poitsegula.

Lolemba m'mawa, Mzime akupita kuntchito kwake kosoka mipando ya galimoto, lole inamugunda panjinga. Foni yake inaphwanyikira pomwepo. Tsopano linali Lachitatu. Maliro anali mawa, ndipo munthu wosindikiza ndondomeko ya mwambo anali atanena kuti chithunzi chimufike isanakwane folo koloko, kuti akuzenso china choika pa bokosi.

Amayi anali atakhuthulira pabedi chitini cha zithunzi zakale. Anasankhamo chimodzi n'kuchigwira ndi manja awiri. Mzime anali ndi zaka khumi ndi zinayi, atavala yunifolomu, makutu ali tong'o, kolala itapindikira mkati.

"Chimenecho chakwana," anatero bambo. "Akuoneka ngati munthu."

"Inu, tikaike m'manda munthu wandevu, pabokosi pali mwana wa sukulu?" anafunsa amayi osadzutsa mutu. "Anthu ati tinamutaya liti?"

Onse ankalidziwa tsikulo. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo bambo, omwe panthawiyo anali mphunzitsi wamkulu, anapeza mapiko oyamba pansi pa bedi la mwana wawo. Anawakokera kuseri kwa nyumba, nathira palafini, nayatsa. Mzime sanalire. Anadikira moto uzime, anasesa phulusa, analongedza chikwama. Kuyambira pamenepo ankabwera kudzaona amayi pokhapokha bambo akachokapo, ndipo wina akamulozetsa foni ankabisa nkhope ndi dzanja n'kuseka. "Nkhope iyi imachititsa manyazi anthu ena," ankatero.

Foni inanjenjemera patebulo. Chisamba anawerenga uthengawo kawiri asanalankhule.

"Mnzake wina akuti Loweruka lapitali anakajambulitsa ku situdiyo ya mkulu wina yemwe amajambulabe ndi filimu. Akuti kumapeto anavula chigoba."

Amayi anagwira pakamwa. Bambo anaimirira, natenga jekete pampando.

"Ndipita nawe. Ndikaone ndekha zisanafike m'manja mwa anthu."

"Ndikhoza kupita ndekha, bambo. Alendo akukufunani kuno."

"Ndati ndipita nawe."

Situdiyoyo inali pamwamba pa sitolo yogulitsa zikwama. Masitepe ake anali opanikiza, moti munthu ankakwera chammbali. Pachitseko anawalandira mkulu wa imvi, wamagalasi ochindikala, yemwe mumsewu wonsewo ankadziwika kuti a Musagwedezeke, chifukwa cha mawu omwe ankauza aliyense woima kutsogolo kwa kamera yawo. Atamva kuti alendowo ndi ndani, anavula chipewa.

"Pepani. Ndinamva dzulo. Ndinatseka situdiyo tsiku lonse." Anayang'ana bambo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndinu bambo ake a Mapiko? Chipumi ndi chomwecho."

"Mwana wanga anali ndi dzina," anatero bambo.

"Anali nalo, akulu. Koma kuno ankayankha limenelo."

Chipindacho chinali chachitali, chokhala ndi zenera limodzi lalikulu. Kukhoma lakutsogolo kunali nsalu yoyera yotsika kuchokera kudenga mpaka kuyalidwa pansi. Nyali ziwiri zinaima pamiyendo yachitsulo, iliyonse ndi ambulera yake. Munali kafungo kowawasa ngati viniga. Ndipo pakati pa nsaluyo, chitapachikidwa pamtengo wopingasa, panali chovalacho.

Chisamba anaima chilili. Pafoni chinkaoneka ngati choseweretsa. Apa mapikowo anatambasuka kuposa anthu awiri otambasula manja. Nthenga iliyonse inadulidwa pansalu n'kupindidwa m'mphepete payokha, zofiira pamwamba, zachikasu pansi, pakati mitundu ikulowana ngati lawi. Chapachifuwa chinali cha siponji yopakidwa utoto wonga mkuwa, chomatidwa tizidutswa tagalasi tomwe tinkamwaza kuwala kudenga. Kumbuyo kunali mchira wautali wa mikanda. Chigoba chake, cha mlomo wokhota wagolide, chinali pampando.

"Nthenga chikwi ndi mazana awiri," anatero wojambulayo. "Miyezi khumi ndi umodzi. Zotsala za mipando ya galimoto zomwe abwana ake ankataya. Kukwera nacho masitepe awa tinachita maulendo anayi, ine ndikutukwana, iye akuseka."

"Izi n'zimene anasiyira sukulu," anatero bambo, manja ali kumbuyo monga ankayendera m'makalasi. "Choopsezera mbalame m'munda."

Wojambulayo anatembenukira kwa Chisamba.

"Zoona, mayi, anavula. Ndakhala ndikumujambula zaka zinayi, nkhope osandipatsa. Loweruka ndinamuuza kuti, iwe, ine ndakalamba, ndidzafa ndisanajambule mwini mbalame? Anaganiza, kenaka anachichotsa. Thukuta lili chuchuchu, tsitsi litagona mbali imodzi. Ndinajambula zisanu ndi chimodzi. Pa chomaliza anaseka."

"Zili kuti?" anafunsa Chisamba.

Mkuluyo analoza kamera yakuda yomwe inali patebulo pafupi ndi zenera. "Zikadali m'mimba mwa uyo. Filimu sinathe. Mundipatse ola ndi theka, nditsuke, iume, ndikukuzireni chomwe musankhe."

"Ndione kaye," anatero bambo. "Zamanyazi zisatsukidwe. Titenga zankhope zokha."

"Isanatsukidwe simungaonepo kanthu, akulu."

"Filimu ndikuidziwa. Ndajambulitsa ana a sukulu zaka makumi atatu. Timizere take tinkabwera mu envulopu, ukaloza pazenera anthu onse n'kuoneka."

"Timeneto n'totsuka kale. Khalani pansi, ndikasakanize mankhwala. Musakhudze kanthu."

Analowa kuchipinda chakumbuyo. Bambo anasisita chibwano. Kwa zaka zambiri palibe munthu anali atawauzapo kuti akhale pansi, kapena kuti asakhudze kanthu.

Chisamba anasendera kwa chovalacho. Mkati mwa kolala munali nsalu yofewa ya malaya akale, ndipo anaizindikira: anamugulira yekha atalandira malipiro ake oyamba a unamwino. Anaika mphuno pamenepo. Munali fungo la guluu, la sopo wotchipa ndi la khosi la mlongo wake. Anatseka maso. Ndiye anamva kaphokoso kakang'ono kumbuyo kwake, ngati munthu watsegula chikwama chachitsulo.

Bambo anali pazenera. Chitseko cha kumsana kwa kamera chinali chotsegula, ndipo iwo anaipendeketsa kudzuwa, akusinzinira diso limodzi.

"Mulibe kanthu umu," anatero. "Ndi kansalu kotuwa chabe. Munthuyu akutinamiza."

"Mayo ine!" Wojambulayo anatulukira pakhomo, botolo lili m'manja. Analiponya pansi, nadumpha ngati mnyamata, nakwatula kamerayo n'kuitseka ndi chikhatho. Anaikumbatira pachifuwa, akupuma movutikira. "Mwachita chiyani? Akulu, mwachita chiyani?"

"Ndangoyang'ana."

"Mwangoyang'ana! Filimu yosatsuka imadya kuwala. Ndiyo ntchito yake. Ndimaipatsa kadontho, kamphindi kosakwana kuphethira kwa diso, inu mwaipatsa dzuwa lonse la masana!"

"Zonse zapita?" anafunsa Chisamba.

Mkuluyo anakhala pansi pabokosi la nyali. "Filimu imadzikulunga ngati mpukutu wa bandeji, mayi, inu mukudziwa. Zoyamba kujambula zili mkati, mwina zapulumuka. Zomaliza zili kunja. Zankhope ndizo zomaliza."

Pansi, m'sitolo ya zikwama, wina ankanenerera mtengo mokweza. Bambo anakonza jekete.

"Mukanaichotsa kale m'kameramo. Munthu wodziwa ntchito sasiya katundu wa eni masiku anayi."

"Ndikanaichotsa, eetu," anatero wojambulayo, ndipo tsopano mawu ake anali ozizira. "Filimu imeneyi imalowa zithunzi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Tinajambula makumi atatu ndi zitatu. Ndinati timalize, iye anati ayi, zitatuzo tisunge. Anati kumapeto kwa mwezi abwera ndi amayi ake ndi mlongo wake, aliyense chake. Ndinafunsa, nanga chachitatu? Anati, mwina mdala akamva kuti ndi situdiyo yeniyeni, ya filimu, avomera. Amakonda zinthu zakale. N'chifukwa chake chovalachi chikadali pano."

Bambo anayang'ana pazenera.

"Mwamuwotcha kawiri," anatero Chisamba.

"Ukuti chiyani?"

"Mwamva. Poyamba ndi palafini, lero ndi dzuwa."

"Ukulankhula ndi ine, mwana iwe?"

"Ndi inu, bambo. Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikukuphikirani, kukuyezani magazi, kukumvani mukuuza anzanu kuti muli ndi mwana mmodzi. Ndinali chete. Dzulo ndamusambitsa ine kuchipatala, inu muli panja mukukonza ndandanda wa olankhula. Nkhope yomwe ndinaiona kumeneko sindikufuna kuikumbuka. Ndinkafuna ina yoti ndiikepo pamwamba pake. Inalipo. Inali umo."

"Ndinkafuna akhale munthu," anatero bambo motsitsa mawu. "Anali ndi mutu wa masamu kuposa iwe. Ndinalakwa kufuna zimenezo?"

"Kafunseni amayi."

Wojambulayo anaimirira mwakachetechete, anapukusa kachitsulo ka pamwamba pa kamera mpaka filimu yonse inabwerera m'kabotolo kake, nalowa nayo kuchipinda chakumbuyo. Anakhoma chitseko.

Anadikira. Munalibe mpando wina koma womwe panali chigoba. Bambo anachinyamula ndi nsonga za zala, anasowa pochiika, ndipo pamapeto pake anakhala pansi chili pamiyendo pawo. Mapiko aja anatambasuka kumbuyo kwawo, kumanja ndi kumanzere. Likanakhala tsiku lina, Chisamba akanaseka. Anayang'ana wotchi: inali itadutsa wani koloko. Amayi anaimba kawiri, iye osayankha.

Patapita nthawi mkuluyo anatuluka atanyamula filimu yaitali ngati lamba, naipachika pachingwe pafupi ndi zenera.

"Tsopano mukhoza kuyang'ana mpaka maso atope, akulu."

Theka la kumunsi linali bii ngati makala, popanda ngakhale mzere wosiyanitsa chithunzi ndi chinzake. Pakati panali utsi, momwe nsonga ya phiko inkaoneka apa ndi apo. Kumtunda kokha ndiko kunali zithunzi zoyera bwino, khumi ndi chimodzi. Chisamba anaziyang'ana chimodzichimodzi. Mbalame itatambasula mapiko. Mbalame itawerama. Mbalame itatembenuka, mchira uli m'mwamba. Pa zonsezo mlomo wagolide unali pamalo pake.

Bambo anaima nthawi yaitali patsogolo pa mbali yakuda ija. Anavala magalasi, anavula, anavalanso. Anasendeza nkhope pafupi kwambiri mpaka mpweya wawo unagwedeza filimuyo.

"Palibe njira?" anafunsa, osatembenuka. "Mankhwala ena amphamvu?"

"Palibe."

"Ndiye tiika cha sukulu chija."

"Nanga ichi?" anafunsa Chisamba. Pamwamba penipeni, pafupi ndi chopanira, panali chithunzi china chopendekeka, chosafanana ndi zinzake.

"Chimenecho n'chotaya, mayi. Ukaika filimu yatsopano, umawomba kamodzi kapena kawiri pachabe kuti iyende, kamera italoza pansi. Sitichiwerengera n'komwe. Kawirikawiri mumatuluka simenti ndi mapazi anga."

"Muli manja umu."

Mkuluyo anatenga galasi lokuzira, nayang'ana. Kenaka anamasula filimuyo pachingwe.

"Bwerani. Nanunso akulu, ngati mukulowa lowani pano, chifukwa ndikatseka chitsekochi sichitsegulidwanso mpaka ine nditanena."

Bambo analowa, nakhala pakona, manja ali m'matumba.

Chipindacho chinali chaching'ono, chowala ndi babu limodzi lofiira. Wojambulayo analowetsa filimu m'makina okuzira, nayala pepala loyera pansi pake, nayatsa, akuwerenga chapansipansi mpaka khumi ndi ziwiri. Anazimitsa. Pepalalo linali loyerabe. Analimiza m'mbale yosazama ya mankhwala n'kuyamba kuigwedeza pang'onopang'ono.

Choyamba kutuluka zinali nthenga, zotuwa, kenaka zakuda, zitamwazika pasimenti mbali zonse. Sizinali pansalu yoyera. Mapiko a miyezi khumi ndi umodzi anali akukhwekhwereka pafumbi la pafupi ndi khomo. Pakati pawo panatuluka mutu wowerama, wojambulidwa kuchokera pamwamba: liwombo, khutu limodzi lotong'oka, kachidutswa ka tsaya. Chigoba chinali chisanavalidwe. Mzime anali atagwada bondo limodzi. Kumunsi kwa chithunzi kunali nsapato yakale yakuda, ndipo zala zake, zomatidwa pulasitala pa chala chachikulu, zinali zikumanga chingwe chake.

"Ndinali nditaiwala," anatero wojambulayo. "Msana wangawu sulola kuti ndiwerame. Chingwe chinamasuka ndikuika filimu. Sindinamupemphe. Ndinangoona mbalame yonse yagwa pamapazi panga. Ndinakalipa kuti, iwe, nthenga zida! Iye anati, nthenga ndichapa, koma inu mukagwa pamasitepe aja ndani andijambule?"

Anatsukuluza pepalalo m'mbale yachiwiri ndi yachitatu, nayatsa nyali yoyera. Chisamba analilandira lonyowa, atagwira m'mphepete.

"Ichi ndicho chikhale pabokosi," anatero.

"Nkhope sikuoneka," anatero bambo.

"Sikuoneka."

"Anthu afunsa kuti wavala chiyani. Afunsa kuti wagwadira ndani."

"Afunsadi. Ndinu woyamba pandandanda wa olankhula, bambo. Muwayankhe."

Bambo anatulutsa dzanja m'thumba, nalitambasulira kuchithunzicho, chala chikulunjika pa khutu lija.

"Musakhudze," anatero wojambulayo. "Sichinaume."

Dzanjalo linaima m'malere, kenaka linabwerera m'thumba. Maso a bambo anatsikira pansi, pamapazi a mkuluyo. Nsapato yakumanja inali yomangidwa mwachisawawa, chingwe chikulendewera. Yakumanzere inali ndi mfundo ziwiri zolimba, makutu ake ofanana ndendende, nsonga zitalowetsedwa m'mbali kuti zisapondedwe.

"Ndi yomweyo," anatero wojambulayo, akukwezako buluku pang'ono. "Chiyambire Loweruka ndimangoivula chokoka, osamasula mfundo zake."